Kodi chikwama changa cha zigamba chingakwere ndege?

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 56, ntchito yanga ndi yautelala. Makina anga ali pakhonde la sitolo yogulitsa utoto ndi misomali, moyang'anana ndi depoti ya basi, ndipo pamalopo ndakhalapo zaka zoposa makumi atatu. Ndege ndimangoimva ikamadutsa pamwamba pa malata, koma mwezi wamawa nane ndikwera. Mwana wanga wamkazi, yemwe ndi namwino kutsidya kwa nyanja, ndi woyembekezera, ndipo iye ndi mwamuna wake anditumizira tikiti kuti ndikakhale naye pafupi pochira. Pasipoti yatuluka, chilolezo cholowera m'dzikolo chatulukanso. Mtima wanga ukuvina, Aphungu. Koma chimene chandiimitsa mutu ndi chikwama.

Musandiseke. Sutikesi yaikulu ilipo, wandibwereka mlamu wanga. Ndikunena chikwama chokoleka paphewa, chimene akuti munthu amalowa nacho m'ndege. Ine ndili nacho changa chimene ndinasoka ndekha ndi zidutswa za nsalu zotsala: apa yunifolomu ya sukulu, apa buluku la jinzi, pakona kachidutswa ka diresi la ukwati. Anzanga a pakhonde anachipatsa dzina lakuti Golosale, ati chifukwa chilichonse chimapezekamo. Zipi chilibe, ndimangomanga ndi tizingwe tiwiri. M'menemo mumakhala sizasi yanga yaikulu imene ndinayamba nayo ntchito, tepi yoyezera, singano, choko, magalasi, mafuta odzola, ambulera ndi mankhwala anga a BP. Kulikonse kumene ndapita, kaya ndi kuchipatala kaya kumsika, ndapita naye Golosale, ndipo sizasiyo sinagonepo kutali ndi ine. Ndikufuna ndikamusokere mdzukulu wanga timalaya ndi manja angawa, ndiye nayonso ikwera.

Sabata yatha, tikucheza pafoni yoonana nkhope, ndinachikweza kumuonetsa mwana wanga kuti ndachichapa, chakonzeka. Iye anangoti, "Amayi, chonde, Golosale musabwere naye. Pezani china." Ndisanayankhe anati nthawi ya ntchito yakwana, n'kudula foni.

Mawu amenewo anatokosa bala lakale. Ali ku sekondale yogonera komweko, ndinapita kukamuona nditakoleka chikwama chonga chomwechi. Anandichingamira pageti, n'kunditengera kuseri kwa khitchini, kutali ndi anzake, ndipo potsanzikana anati, "Amayi, ulendo wina muzingonyamula m'jumbo." M'basi yobwerera misozi inalengeza m'maso, koma sindinamuuzepo mpaka lero. Chonsecho makina omwe anasoka chikwamacho ndi amene ankamusunga pasukulupo.

Nditamufotokozera mng'ono wanga, yemwe ali ndi saluni, anandikokera kusitolo n'kundionetsa chikwama chachikopa chonyezimira, cholimba gwa ngati bokosi, lamba wake wa tcheni chooneka ngati golide. "Achemwali," anatero, "kunja anthu amayamba kuona chikwama, nkhope pambuyo. Musakatiyalutse." Nditachikoleka, chopanda kanthu m'kati, tchenicho chinayamba kale kundidya paphewa, ndipo phewa lamanjali linatha kale ndi kudula nsalu. Bambo wosoka nsapato amene timagawana naye khonde akuti ndigule chobereka kumsana. Ndinamufunsa kuti, "Pamsinkhu wangawu ndioneke ngati ndikupita kukalemba mayeso?" Anaseka mpaka nsapato ya kasitomala inamugwa m'manja.

Chikundiopsa kwambiri n'chakuti kubwalo la ndege kudzabweranso amayi a mkamwini wanga. Sitinaonanepo, ukwati unachitikira komweko ndipo ine ndinangoonera pafoni. Sindikufuna mwana wanga adzandibisenso kuseri, ulendo uno pamaso pa apongozi ake. Komanso mtima ukukana kuti ndikafike kwa mdzukulu wanga woyamba nditasanduka munthu wina. Ndigule chonyezimiracho, phewa lipirire? Ndithandizeni, masiku akutha.

T.L., telala wapakhonde

Mayi T.L.,

Poyamba ndikusangalala nanu, agogo a mawa. Kuseka sindinaseke, kupatula pa nkhani ya mayeso ija.

Koma ndikudzudzuleni pang'ono. Inu ndinu telala. Kasitomala akabwera ndi nsalu, mungaidule potengera miyezo imene munamuyeza zaka khumi ndi zisanu zapitazo? Simungatero, mungaononge nsalu ya eni. Nanga bwanji mawu a mwana wanu mwawadula ndi muyezo wa kamtsikana ka pageti paja? Amene anakubisani kuseri kwa khitchini anali mwana wamanyazi, woopa kusekedwa ndi anzake. Analakwa, ndipo kupweteka kwanu ndikukumva. Koma amene wakutumizirani tikiti ndi mayi wamkulu, ndipo pa anthu onse a pansi pano wasankha inu kuti mudzakhale pambali pake tsiku limene akuliopa. Munthu amene akuchita nanu manyazi sakuitanani pa nthawi yotere.

Ndikuganiza kuti chimene anaona pafoni paja ndi chimene nane ndaona m'kalata yanu: chithumba chachikulu chopanda zipi. Kubwalo la ndege chikwama amachigoneka m'beseni n'kuchidutsitsa m'makina ounika, ndipo m'ndege chimakhala pansi, kunsi kwa mpando wakutsogolo kwanu. Golosale akangopendekeka, magalasi ndi mapilitsi ali mbwee m'miyendo ya anthu. Mwina ndikuphonya, n'chifukwa chake muimbireni tsiku limene sali pantchito, mumufunse mosazungulira kuti Golosale walakwanji. Safunsa anadya phula. Mukaona kuti macheza akoma, nkhani ya pageti ija muitulutsenso, mofatsa, osati ngati mlandu. Mwaisenza nokha nthawi yaitali, ndipo iye mwina sadziwa n'komwe kuti munalira m'basi.

Tsopano za chikwama. Chonyezimiracho chisiyeni pashelefu pomwepo. Mng'ono wanu amakukondani, koma iye adzatsala ku saluni kwake, phewa lodzapweteka ndi lanu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine ulendo wanga woyamba ndinagula chachikopa chotero, cha malamba ndi zitsulo mbali zonse. Pasikelo chinapyola muyezo, moti ndinachita kutulutsa majuzi awiri n'kuwavala pomwepo, kunja dzuwa likuswa mtengo, anthu pamzere akundiyang'ana. Ndinakafika ndili thukuta kamukamu, phewa litatupa, ndipo amene anandichingamira chikwamacho sanachiyang'ane n'komwe.

Langizo langa ndi lakuti sokani china. Mwezi muli nawo, makina muli nawo, luso ndiye osanena. Koma ulendo uno yambani ndi tepi. Pemphani mkamwini wanu akutumizireni miyezo imene kampani ya ndege yanu imalola, m'litali, m'lifupi ndi kulemera kwake, chifukwa makampani amasiyana. Ambiri amalola makilo asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, koma musadalire zanga, dalirani za patikiti yanu. Podula muchepetseko zala ziwiri mbali zonse, paja chikwama chikadzaza chimatupa.

Nsalu ikhale yolimba koma yopepuka, jinzi yopyapyala ingachite. Pakamwa muike zipi yamphamvu yotseka kuchokera uku mpaka uko. Lamba akhale wotambalala zala zitatu, muikemo kasiponji pamene pakhudza phewa, ndipo atalike moti adutse pachifuwa kuchokera paphewa lamanzere lomwe lili bwinolo, chikwama chigone kutsogolo kumene maso anu akuchiona. M'mabwalo a ndege mumayendedwa, mayi, miyendo mpaka kudandaula. Thumba la pasipoti ndi tikiti likhale ndi zipi yakeyake, mbali yokhudza thupi lanu. Nsalu yam'kati ikhale yowala, chifukwa m'chikwama chakuda munthu amafufuza magalasi mpaka mzere wonse kumukwiyira. Ndipo zigamba zanu musazitaye. Sankhani zokongola, muziyale bwino kutsogolo, aliyense aone kuti mwini wake amadziwa singano.

Mukamaliza, longedzani zonse, mupemphe eni sitolo akupimireni pasikelo ya misomali, kenako muchikoleke muyende nacho theka la ola. Phewa likadandaula, chotsani katundu, kupirira ayi. Nthawi ikakutherani n'kuganiza zogula, pitani kusitolo tepi ili m'khosi, mukafune zomwezi, ndipo mng'ono wanu mumusiye akuluka tsitsi.

Apa tcherani khutu, chifukwa ndi pamene mtima wanga unadumpha powerenga kalata yanu. Sizasi yanuyo isalowe m'chikwama chapaphewa. Alonda a pabwalo la ndege salola chinthu chakuthwa chotero m'ndege. Adzakulandani, ndipo sadzamva zoti munayamba nayo ntchito. Ikulungeni m'nsalu, muiike pakati pa zovala m'sutikesi yaikulu pamodzi ndi singano, mukaipeza kutsidya. Botolo lalikulu la mafuta odzola ndi ambulera zipitenso komweko. Mankhwala a BP ndiye asapite m'sutikesi, chifukwa sutikesi nthawi zina imatsalira n'kufika patapita masiku awiri. Akhale paphewa panu, m'mapaketi ake enieni, pamodzi ndi kalata ya dokotala. Onjezanipo foni ndi chaja, juzi, zovala zosinthira za tsiku limodzi, ndi pepala lolembapo adiresi ndi nambala ya mwana wanu, kuti foni ikazima musasowe chonena.

Ndikuchenjezeninso chinthu chimodzi. Mbiri ikangomveka kuti mukupita kunja, pakhonde panu padzadzaza anthu ndi timaphukusi, aliyense akuti, "Mukampatseko mwana wanga, n'kakang'ono." Phukusi lomata limene simunalione m'kati musalandire, ngakhale litachokera kwa wachibale kapena kasitomala wakale. Mukapezeka choletsedwa, wofunsidwa ndinu, ndipo mwana wanu adzachira inu muli m'chipinda cha mafunso. Kanani ndi nkhope yosekerera, muziti Aphungu andiletsa.

Za amayi a mkamwini wanu musade nazo nkhawa kwambiri, mwina nawonso akusinthasintha madiresi poganiza za inu. Tsiku lofika, potuluka pakhomo lomaliza, chikwama chikhale pachifuwa, sutikesi ikhale pangolo yokankhira katundu, ndipo mukangomuona mwana wanu, ngoloyo muisiye. Iye adzakhala ataima pamenepo, miyendo itatupa, akusuzumira aliyense wotuluka kuti kapena ndi amayi ake. Mudzafunika manja onse awiri kuti mumukumbatire pamodzi ndi mimbayo.

Aphungu