Diresi ya Azakhali a ku Harare

Lolemba, 2 Sepitembala

Zubeida wayimbanso kuchokera ku Harare. Amayi ake, azakhali a Mariamu, asiya kudya. Phala masipuni awiri basi. Akungofunsa kuti, “Sumaila wanyamuka?” Sumaila wakeyo ndi ababa anga, mlongo wawo yekhayo amene watsala. Zaka 36 osaonana.

Ndege ababa akana. Basi akana, akuti miyendo imatupa. Chabwino, ndiwatenga ndekha pa galimoto yanga. Ku ofesi andipatsa tchuthi cha masabata awiri kuyambira lero. Njira ndalemba kuseri kwa kalendala: Dedza, Tete, Nyamapanda, Harare. Tikanyamuka itangotha swala ya m'mawa kumzikiti, tikagona komweko.

Chatsala chimodzi. Galimoto ndinagula ndine, koma anakaitenga ku Dar ndi achimwene a Mudathir, ndiye pa bulubuku analembetsa dzina lawo. Pa boda samva nkhani za pachibale, amafuna kalata yodindidwa ya mwini galimoto. Ndawauza. Akuti mawa.

Lachinayi, 5 Sepitembala

Mawa lija silinafikebe.

Amakanika anga a Zikhale asintha mataya awiri, oyilo ndi mabuleki. Ndagula matrayango awiri, vesiti yowala ndi chozimitsira moto. Pa mzere wa mafuta maola anayi, dzuwa lili pamutu. Thanki yadzaza. Galimoto ili phee pansi pa mtengo wa mango kuno ku Area 15 ngati wodwala ndi iyoyo.

Achimwene foni sakuyankha. Ndawalondola ku shopu yawo ku Old Town, ndawapeza akudya chipisi, mtima uli m'malo. Akuti loya wodinda makalata wapita kumaliro. Lilongwe yonseyi loya mmodzi? Nditawapanikiza, akuti mkazi yekha ndi nkhalamba sangathe msewu wa ku Tete, ndidikire apeze mpata ayendetse iwo. Iwowo! Munthu amene anagwetsa geti la aneba pobwerera m'mbuyo. Ine zaka zisanu ndi zinayi pa chiwongolero, ngakhale nkhuku sindinagundepo. Ndatuluka msanga pakamwa pasanandichimwitse.

Loweruka, 7 Sepitembala

Kwa ababa, pakhonde pamene amasokera. Ndimati andithandize kukalipira mwana wawoyo. Ndawapeza ali pa makina, akusoka diresi ya azakhali, yobiriwira, ya manja aatali. Muyezo akuutenga m'mutu, wa 1988. Ndawauza kuti munthuyo watheratu, m'diresimo alowamo awiri. Osaseka, osandiyang'ana. Angoti, “Kuthamanga sikufika.”

Mwambi panopa? Anzanga a ku ofesi akhoza kunena zimenezo, iwo mtembo umawadikira kumotchale sabata yathunthu. Ife Asilamu ayi. Munthu akamwalira m'mawa, dzuwa lisanalowe ali m'manda. Tikawapeze amoyo, apo ayi sitiwaonanso.

Ndipo ababa akuzidziwa kuposa ine. Amayi awo atamwalira mu 1988 anawaika tsiku lomwelo, koma kalata youza azakhali inafika ku Harare patatha miyezi itatu. Azakhali anabwera, anapeza manda atamera udzu, anabwerera osatsanzika. Nkhani imeneyi pakhomo pathu siikambidwa.

Lachiwiri, 10 Sepitembala

Tchuthi chadutsa theka. Zikwama zili pakhomo kuyambira sabata yatha, ndikumazipunthwa.

Zubeida akuti azakhali anafunsa ngati tawoloka mlatho wa ku Tete. Wawanamiza kuti galimoto yatifera pa Dedza. Mwana wa eni kunamiza mayi ake odwala chifukwa cha ife. Manyazi andigwira.

Ndadutsanso kwa ababa. Loweruka manja a diresi anali atasokedwa onse awiri, lero ndapeza limodzi lili padera. Akuti ulusi sunagwirizane ndi nsalu. Telala amene amasoka suti masiku awiri. Sindinafunse zambiri, mutu wanga unali pa Mudathir. Inde, Mudathir. Uchimwene ndawulanda. Ndamulembera kuti azakhali akamwalira tisanafike, asadzapondenso pakhomo panga. Wawerenga, osayankha.

Lachisanu, 13 Sepitembala

Foni 7 koloko m'mawa. Azakhali atisiya. Awaika itatha swala ya Juma.

Masana Mudathir wabwera ndi envulopu, waima pageti ngati wodzapempha ganyu. Kalata ija. Chidindo chake cha pa 3 Sepitembala. Ndayang'ana kawiri. Masiku khumi ili m'dirowa mwake.

“Ababa ndi amene anati ndiisunge mpaka diresi ithe. Za mkazi zija ndinangopeka, ndikanakuuza chiyani?”

Akanandiuza zoona, basi. Bambo wandevu zake, ana anayi, kuopa kutsutsa nkhalamba. Ndikanawanyamula ababa ngati thumba la chimanga n'kuwaika m'galimoto.

Ndathamangira kwa ababa. Makina ali zii, diresi ili pamiyendo. Sanadikire kuti ndifunse.

“Amayi anamuitana Mariamu masiku anayi asanamwalire. Ine ndinali ndi maoda a zovala za Idi, ndinkati telegalamu nditumiza mawa. Ndiye ndikanalowa m'nyumba mwake n'kunena kuti chiyani?”

Ndawauza kuti nawonso azakhali awaitana masiku khumi ndi awiri. Kuti zomwezija azichitanso kachiwiri, kwa munthu yemweyo. Chibadwireni sindinawalankhulepo chonchi ababa. Sindikupepesa. Lero ayi.

Loweruka, 14 Sepitembala

Ndayimba ku ofesi, ndapempha masiku ena anayi. Afune asafune.

Ababa sindinawapemphe, ndangowauza. Mawa ikatha swala ya m'mawa ndili pakhomo. Akaime pa manda a mlongo wawo udzu usanamere, akanene zimene zawalemera zaka 36. Akazi sitilowa kumanda, ine ndikawadikira pageti, ngakhale tsiku lonse. Sanavomere, sanakane.

Lamulungu, 15 Sepitembala, pamalo othira mafuta ku Tete

Ndinawapeza atavala kale, kofia kumutu, ali panja.

Pa boda ya Dedza kalata ija angoiyang'ana kamodzi n'kundibwezera. Kamodzi kokha. Ndinafuna kuing'amba pomwepo, koma ikufunikanso kutsogoloku.

Kutentha koopsa. Diresi ili pamiyendo pawo, akulumikiza dzanja lija ndi singano ya pamanja, galimoto ikadumpha akudzibaya. Ndawafunsa kuti avala ndani. Angopitiriza kusoka. Mkwiyo ndikadali nawo.

Titawoloka mlatho aduladula ulusi ndi mano, apinda diresi bwinobwino. Ayang'ana msewu, ayang'ana wotchi.

“Suhaila, sungathamangeko pang'ono?”

Mwambi wawo uja unafika pamlomo penipeni. Ndawumeza. Kwatsala makilomita pafupifupi 400, ndipo ababa akundiimbira kale hutala.