Wogunda Mnzake Amaima

Lachitatu, 8 Novembala

Ndathera pa nambala 17 mwa anthu 18. Wa 18 magetsi anamuthimira mpikisano uli mkati, ndiye wotsiriza weniweni ndine.

Yatsala mipikisano itatu kuti chaka chithe. Atatu akumunsi amatsitsidwa kupita ku gulu la Lachinayi, ndipo ine ndili momwemo. Kutsikako pakokha sikukanandiwawa. Ndi galimoto za pa kompyuta basi, zopanda utsi, ndipo ine ndine mdala wa zaka 58 wogwira chiwongolero chomangirira pa tebulo m'chipinda chochapira. Koma Tuva ali m'gulu la Lachitatu. Mwana wanga. Chisiyanireni ine ndi mayi ake, foni yanga sayankha, kuno ku Storuman sabwera, akuti ku Malmö kumene amakhala ndi kutali, ngati ine mapu sindiwadziwa. Koma Lachitatu lililonse 7 koloko madzulo mawu ake amandilowa m'makutu kudzera pa mahedifoni. Ola lathunthu.

Lero wati, "Adadi, pakona yachitatu mukuponda buleki ngati mwanyamula mazira." Gulu lonse linaseka, inenso ndinaseka. Ndadya mbatata zozizira ndili chiimire, mawuwo ndikuwabwereza ndekha m'khitchini.

Ndikatsika, ola limeneli latha, ndipo ndilibe lina.

Lachinayi, 9 Novembala

Chipale chofewa cha m'nyengo yozizira chaunjikana mpaka pazenera. Msana ukuwawa. Ndayeserera masana onse, liwiro langa ndi lomwe lija. Manja akalamba basi.

Lachitatu, 15 Novembala

Nambala 9. Ine!

Ndilembe mmene zayendera ndisanayambe kudzinamiza. Pa sikirini yanga zonse zinali bwinobwino. Koma titangozungulira kawiri, Jarmo, woyang'anira gulu lathu, anati, "Aise Ingvar, galimoto yakoyo yamwa chiyani? Ikuzimirira apa, n'kutulukira apo." Wina anati ndikuyendetsa chiwala. Kunena zoona, palibe amene analimba mtima kundidutsa. Ife tili ndi mwambo wathu: ukagunda mnzako kumbuyo, umaima, umamudikira abwerere pamsewu, akudutse, ndiye n'kunyamuka. Palibe anaulemba paliponse, koma wouphwanya sitimuitananso. Ndiye ndani angayandikire galimoto yomwe sakudziwa kuti itulukira pati? Anangondandalika pambuyo panga ngati atsekeredwa ndi thirakitala.

Nditavula mahedifoni kuti ndikateleke khofi, ndinamva phokoso pabalaza. TV. Ndinaiwala kuizimitsa, inkaonetsa masewera a hoki. Intaneti ya kumudzi kuno ndi kawaya kamodzi kowonda, TV ndi kompyuta zimalimbirana komweko. Ndinadziwa pompo.

Tuva kunalibe, anali pa ntchito kuchipatala. Aka n'kachiwiri kuphonya, mapointi ake atsika. Nambala 9 yanga sanaione n'komwe.

Lachisanu, 17 Novembala

Tsiku lonse ndakhala ndikukangana ndi munthu amene kulibe.

Kodi ndaba chiyani? Sindinalowetse chachinyengo chilichonse m'kompyuta. Sindinathyole kanthu. Anyamata a m'tauni ali ndi intaneti yothamanga ngati mphezi, ziwongolero zodula, maso a zaka 25. Zimenezo anazigwirira ntchito? Si mwayi umenewo? Wanga mwayi wabwera ndi waya woola, ndiye ukhale tchimo?

Zonsezi ndimazinena mokweza pokolopa, ndipo zimamveka bwino. Ndikakhala pansi zimatha mphamvu. Pajatu pali mwambo winanso: amene intaneti yake ikudwala amapatuka yekha, osadikira kuuzidwa. Jarmo amalekerera ngati zili zapang'ono ndipo mwini wake sangachitire mwina. Ine ndingachitire mwina. Batani lozimitsira TV ndi lofiira, lili pa mpando.

Lolemba, 20 Novembala

Aksel, mnzathu wa ku Denmark wogawa makalata, wakhala nane madzulo pa intaneti kundiphunzitsa kona yachitatu ija. Munthu wabwino mpaka kunyansa. Akuti, "Amwene, tisatsike ife madala, ana awa angatiiwale."

Awiri akumunsi atsika kale, palibe chingawapulumutse. Malo achitatu ndi a ine kapena a iyeyo. Ndamuthokoza kwambiri.

Lachitatu, 22 Novembala

TV ndayatsa ndekha. Ndisaname kuti ndinaiwala. Ndinapita pabalaza, ndinasankha hoki, ndinasiya chitseko chotsegula, n'kukakhala pa chiwongolero.

Nambala 10. Aksel 13. Anakhala pambuyo panga theka la mpikisano, akungoti, "Iii amwene, imani malo amodzi!"

Tuva wathera pa 6, koma lero sanandiseke. Pamapeto anangoti, "Adadi, intaneti yanuyo muione." Ndinati chipale chalemera pa mawaya. Kenako dzina lake linazima pa sikirini.

Ndawerengera. Ine, Aksel ndi Tuva tayandikana kwambiri chifukwa cha masiku anaphonya aja. Mmodzi atsika. Tuva ndi wothamanga, iye angomaliza monga mwa masiku onse. Ine ndingokhala patsogolo pa Aksel. Kamodzi kokha katsala, kenako TV imeneyi ndidzaizula ku khoma.

Lamulungu, 26 Novembala

Ku sitolo ndakumana ndi Gunnel, mayi ake a Tuva. Akuti, "Ndamva ukupambana masiku ano." Ndiye kuti Tuva amandinena akamacheza ndi mayi ake. Ndinasangalala mpaka pa galimoto. Kenako ndinakumbukira TV ija.

Lachitatu, 29 Novembala

Sindikudziwa poyambira.

Tuva anachedwa kuweruka, ndiye anamuyambitsa kumbuyo kwa onse. Ndinaziona zimenezo mpikisano usanayambe. Nthawi yoti ndidzuke ndikazimitse TV inalipo. Ndinayang'ana chitseko, ndinayang'ana dzina la Aksel, n'kukhala.

Ndinali pa 9, mzere uli pambuyo panga monga kale. Mwana uja anabwera akuwadutsa mmodzimmodzi, galimoto yake yachikasu ikukula m'galasi. Anamudutsa Aksel. Kutatsala kuzungulira katatu anali pamsana panga.

"Adadi, ndikudutsa kumanja. Khalani pomwepo."

Ndinakhala pomwepo, ndikulumbira. Pa sikirini yanga sindinasunthe. Pa yake ndinazimirira n'kutulukira kutsogolo kwa mphuno yake. Phuu! Chiwongolero chinandigwedeza manja, ndinazungulira n'kugwera pa udzu. Yanga sinawonongeke. Yake teyala lakutsogolo linapindika.

Ndipo anaima. Anapatukira m'mbali n'kuima, kundidikira ine. Galimoto zingapo zinamudutsa, Aksel yemwe. Jarmo anakuwa kuti, "Tuva, pita iwe, imeneyo ndi intaneti ya bambo ako!" Iye anangoti, "Ndinali kumbuyo ndine."

Ndinabwerera pamsewu. Ndinaiona yachikasuyo ili phee pambali. Ndikanatha kuima pafupi nayo. Ndikanatha kunena mawu atatu okha: TV ndinayatsa dala. Phazi linaponda moto lokha, kapena ndinene kuti ndinaponda ine. Ndinamudutsa.

Aksel 8. Ine 12. Tuva anakwawa mpaka kumapeto, wotsiriza.

Watsika ndi iye.

Lachinayi, 30 Novembala

Sindinatuluke. Chipale pakhomo sindinachotse. Khofi yekha.

Lachisanu, 1 Disembala

Jarmo waimba. Akuti Tuva akanadandaula za intaneti yanga, zotsatira zikanaunikidwanso, ndipo mwina mapointi anga akanachotsedwa. Tuva wakana. Akuti sangasumire bambo ake. Kenako Jarmo anatsokomola n'kuti, "Ingvar, takhala limodzi zaka zambiri. Ngati pali china chimene ukuchidziwa, undiuze lisanathe Lamulungu. Ndikatseka ndatseka."

Ndinati ndi chipale. Anati, "Chabwino aise," ndi mawu oti si chabwino.

Ndikanena zoona, Tuva abwerera pa malo ake, ine andichotsa m'gulu mpaka kalekale, ndipo iye adziwa kuti bambo ake ndi munthu wotani. Ndikakhala chete, ine Lachitatu, iye Lachinayi. Uku ndataya, uko ndataya. Ndadzida lero kuposa tsiku lililonse limene ndikulikumbukira.

Loweruka, 2 Disembala

Ndapeza njira! Bwanji sindinaiganize dzulo? Palibe choletsa munthu kupempha yekha kuti atsike. Ndamulembera Jarmo kuti andisamutsire ku Lachinayi, ndati gulu loyamba landikulira. Ine ndi Tuva tikhalanso limodzi, TV izimitsidwe, palibe wodziwa kanthu, palibe wovulala.

Kupatula kuti iye watsika popanda mlandu. Koma ndi wothamanga, chaka chimodzi akwereranso. Ndikudziwa mmene zikumvekera. Komabe ndadya bwino lero, soseji ndi mbatata zotentha, ndipo ndachotsa chipale mpaka kumsewu.

Lamulungu, 3 Disembala

Foni inalira masana ndikutsuka mbale. Dzina la Tuva. Pa foni yeniyeni, osati pa mahedifoni. Ndinaigwira ndi manja a sopo, inatsala pang'ono kugwera m'madzi.

Ndinayamba kulongolola ngati chitsiru. Za Lachinayi, zoti ndapempha kutsika, zoti tikawaonetsa ana a kumeneko. Anandisiya ndimalize.

"Adadi, maiki yanu imatola zonse. Hoki ndinkaimva. Sabata yatha ndi sabata inayo."

Ndinati TV imatha kuiwalika.

"Ndakulira m'nyumba imeneyo ine. Si inu munkandikalipira kuti ndizimitse TV mukafuna kuthamanga? Simuiwala inu."

Sanakweze mawu. Bola akanakuwa. Ndinamufunsa kuti nanga anaimiranji, ngati ankadziwa kuti sanalakwe.

"Ndimafuna ndione ngati inunso muima."

Ndinangoti, "Tuva." Anati Jarmo sanamuuze kanthu ndipo samuuza, zimenezo ndi zanga. Anati chiwongolero chake wapatsa mwana wa mnzake wa kuntchito, Lachinayi sabwera, Lachitatu sabwera. Kenako anati basi yake yafika.

Madzi a m'sinki anazizira ndili chiimire pomwepo.

Jarmo wayankha cha m'ma 4: pempho langa lavomerezedwa, ndiyamba Lachinayi likubwerali, 7 koloko.