Ndakulungira Vitumbuwa Kope la Misozi

Okondedwa Ba Sisi,

Ndikhulupirira muli bwino ku Solwezi pamodzi ndi alamu. Kuno ku Kanyama tonse tili bwino, kungoti mvula yadzazanso madzi m'njira.

Ndamulakwira mwana wanu Misozi, ndipo ndati mumve kwa ine mwini. Kuyambira chaka chatha, Loweruka lililonse amazungulira pamsika kulemba m'kope mitengo ya tomato, malasha ndi kapenta. Amati akufuna kudziwa chimene chimakweza mitengo, adzaonetse aphunzitsi ake. Ine ndinkangomuseka kuti manambala sadyedwa.

Lachiwiri nyuzipepala zokulungira vitumbuwa vimene ndimagulitsa zinandithera, makasitomala ali chiimire. Ndinaona kope lakutha pawindo, ndinayamba kung'amba n'kumakulungira vitumbuwa. Pofika masana linali litatsala chikuto chokha.

Misozi atabwera kuchokera kusukulu sanalire. Anangofunsa kuti, "Ba Anti, anagula ni bandani?" Anayenda khomo ndi khomo, n'kubwera ndi mapepala atatu okha, onyowa ndi mafuta. Wawaika pansi pa matiresi kuti awongoke.

Chonde mumuimbire foni. Mumutumizirenso kope lachikuto cholimba. Loweruka lino ndimuperekeza kumsika, ndikamunyamulire ambulera iye akulemba.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mng'ono wanu,
Esinati