Tibokosi ta Bambo

Lolemba, 9 Seputembala

Okondedwa Achimwene,

Ndikulemba za zimene zinachitika dzana, Loweruka pa 7 Seputembala, kuyambira 10 koloko m'mawa, pabalaza. Tinalipo atatu: Bambo, alamu akazi anu, ndi ine. Ndikudziwa kuti alamu akuuzani kale mbali yawo, ndipo sananame. Koma mumve yanganso, pakuti wolakwa ndine.

Mukukumbukira zimene tinapangana pa 3 Malichi, Bambo atatuluka m'chipatala. Inu munkafuna kuwatenga akakhale kwanu, pafupi ndi madokotala. Iwo anakana, nati nyumba imene anamwaliriramo Mayi saisiya. Ndiye munati, "Chabwino, bola mutu uzigwira. Malinga akumaliza tibokosi ta mawu ta m'nyuzipepala ya Loweruka, akhale. Tsiku limene tidzawakanike, ndikubwera ndi galimoto." Munandiuza kuti ndizidula tsambalo n'kumakutumizirani mwezi ndi mwezi.

Achimwene, masamba 24 amene ndatumiza kuyambira la pa 16 Malichi si a Bambo okha. Tsamba lililonse limakhala ndi mafunso 28, onse pamodzi 672. Bambo anayankha 390. Otsalawo, 282, ndinalemba ndine. Sikuti ndimawadziwa, ine wolekezera ku pulayimale. Ndinkadikira Loweruka lotsatira mayankho atuluke, n'kumakopera pa tebulo la makina anga osokera iwo akugona masana, ndi zilembo zopendekera ngati zawo.

Alamu anabwera ndi masamba onse mu envelopu. Titamwa tiyi anawayala patebulo motsatana, kuyambira la pa 9 Malichi, limene Bambo anamaliza okha.

Inu mukudziwa khalidwe la Bambo. Zaka 31 zija ankasaka zolakwika kosindikizira mabuku zinawasiyira lamulo limodzi: yankho lililonse alilembere chifukwa chake m'mphepete mwa tsamba, ndi cholembera chofiira. Paja amati yankho lopanda chifukwa ndi bodza lovala jekete. Ine mayankho ndinkatha kukopera, koma zifukwa nyuzipepala siisindikiza.

"Mlamu," anatero alamu, "unamwino unandiphunzitsa kuwerenga pamene sipanalembedwe. Tsamba loyambali mphepete mwafiira monse. Nanga enawa mwayera mwina ndi mwina bwanji?"

Ndinati, "Cholembera chofiira chinkavuta."

"Chinkavuta pa mafunso ena okha? Ndiye n'chochenjera cholemberacho."

Alamu anatembenukira kwa Bambo, nasankha tsamba la pa 18 Meyi.

"Bambo, tandithandizani ine mbuli. Nambala 9 chopingasa akuti, 'Lemba mosokoneza, udyerepo,' zilembo zisanu. Mwalemba MBALE. Zatheka bwanji?"

Limenelo linali limodzi mwa anga. Bambo anayang'ana tsambalo. Ine ndinayang'ana wotchi yapakhoma, ndipo panatha mphindi zinayi Bambo akuliyang'anabe. Kenako anadzuka, nalowa kuchipinda kwawo, natseka chitseko.

Alamu anatsitsa mawu. "Mwaona? Miyezi isanu ndi umodzi mukubisa munthu wodwala. Akadzagwa muno inu muli kokapereka zovala, mudzawauza chiyani achimwene anu? Kuti tibokosi tinali todzaza?"



Chitseko chinatseguka. Bambo anatuluka ndi kope lachikuto chabuluu limene sindinalionepo. Anakhala pansi, nanyowetsa chala, natsegula.

"Mwana wanga," anauza alamu, "mawu akuti 'mosokoneza' ndi lamulo. Akukuuza kuti utenge zilembo za 'lemba' uzibalalitse, kenako uzisonkhanitse mwatsopano zipange chodyera. L, E, M, B, A. Sinthani malo, patuluka mbale. Linanditengera masiku atatu, pa 4 mpaka pa 6 Juni. Koma yankholo si langa. Analemba ndi uyu." Anandiloza ndi cholembera. "B wake ndi wonenepa kumunsi ngati mwiniwake."

Achimwene, ankadziwa kuyambira pa 23 Malichi, tsiku loyamba lenileni. Ndikangotuluka, ankatenga tsamba pansi pa chivundikiro cha makina, n'kukopera m'kope funso lililonse limene ndawayankhira, pamodzi ndi yankho lake. Kenako ankalimbana nalo mpaka apeze chifukwa. Onse 282 alimo, ndi manambala ndi madeti awo. Pofika Lowerukalo anali atafotokoza 241.

"Kupita kutsogolo mutu ukukana," anatero. "Koma ukandiimika pa yankho, njira yobwerera ndimaipeza. Mochedwa, koma ndimaipeza."

Alamu sanagonje, ndipo sindiwada. Anatsegula nyuzipepala ya tsikulo, nawerenga funso latsopano: "Imagwa kuchokera kumwamba, idule mutu, uchotse malaya. Zilembo zisanu."

Bambo anabwereza funsolo katatu. Anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso. Anawerenga tibokosi tisanu ndi nsonga ya cholembera, kupita ndi kubwerera. Panatha mphindi 25. Ine ndinkapinda ndi kupindanso nsalu ya patebulo mpaka inachita makwinya. Potsiriza alamu ananena motsitsa, "Kapena ndi mvula?"

"Mvula!" anatero Bambo nthawi yomweyo. "Mutu wa mawu ndi chilembo choyamba. Chotsa M, patsala vula." Kenako anatinso, "Kale ndikanalipeza ketulo isanawire."

Alamu anapukuta m'maso, koma anati zimene aona aona, ndipo mubwera nonse kudzawatenga Bambo pa 21 Seputembala. Bambo sanakwiye. Anati, "Mukamuuze mwana wanga kuti pangano ndi pangano, ndipita. Koma pali mayankho 41 amene ali m'dzina langa ine osadziwa chifukwa chake. Imeneyo ndi ngongole, ndipo sindituluka nayo m'nyumba muno. Ndikamaliza abwere, sindivuta."

Popeza ndayamba kuulula, ndimalize. Pali ziwiri zimene alamu sakuzidziwa. Pa 12 Julayi Bambo anapita kukagula sopo pagolosale yapakona 9 koloko, ndipo anabwera nawo ndi wogulitsa nyuzipepala 2 koloko, atawapeza ataima pamphambano osadziwa kolowera. Pa 20 Ogasiti anasiya poto pamoto mpaka chogwirira chinasungunuka. Sindinakuuzeni chifukwa ndinkaopa galimoto. Nanenso ndazolowera kumva akutsokomola kuseri kwa khoma, ndipo sindidziwa kuti nyumba ino idzamveka bwanji.

Mu envelopu muno ndaikamo tsamba la pa 31 Ogasiti monga analisiyira. Ayankha 11 mwa 28. Andiuza kuti ndisalikhudze, ndipo sindidzakhudzanso lina.

Pempho langa ndi ili. Mutu ukakhala bwino amafotokoza awiri patsiku. Dzulo anachita awiri, lero sanachite. Akayamba mawa osadumpha tsiku, adzamaliza pa 29 Seputembala. Ndikupempha masiku asanu ndi atatu okha pamwamba pa 21. Kugolosale ndizipita ndine, ndipo machesi ndawabisa m'kabati ya ulusi.

Koma ndisakubisireninso. Dzulo atamaliza lachiwiri, ndinawaona akuyang'ana lachitatu. Milomo inayenda, nkhope inawala monga imachitira akapeza. Anatsegula cholembera, nayang'ana kuzungulira balaza, mpando wa Mayi, zenera, ine. Kenako anachitsekanso osalemba, naika kope pansi pa mtsamiro. Sindinawafunse. Ngati masiku achuluka kuposa amene ndawerenga, mudziwe kuti mwina si mutu wokha.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti anachita ntchito imene ine inandikanika. Ana onse ndawapatsa moni. Bambo ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Ati ndikuuzeni kuti adya bwino, ndiponso kuti musathamange pamsewu, palibe chofulumirira.

Ngongole yawo, monga yalembedwera m'kope lero Lolemba, yatsala mafunso 39.

Ndine mlongo wanu.