Msewu Wotsikira M'madzi

Herceg Novi,
Lachiwiri, mwezi wa Julaye

Wokondedwa mlongo wanga Miljan,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupeza uli bwino kumeneko ku Hamburg, iwe pamodzi ndi mlamu wanga Annelie ndi kamwana kanu. Msana uja unasiya kukuvuta? Kuno tilipo. Ine miyendo ndiyo ikutupa ndi kutenthaku, koma ku ntchito ku hotela ndikupitabe. Abambo akudya bwino, akugona bwino, ndipo akuseka. Kusekako ndi kumene kwandigwiritsa cholembera.

Usadabwe kuti ndalemba m'malo moimba foni. Foni ili pabalaza, ndipo makutu a Abambo ukuwadziwa. Komanso iwe pa foni umangoti eya, eya, maso ali pa mpira. Kalatayi ndapatsira Krsto wa basi ya ku Jeremani, akuti akupatsa pamanja Lachinayi. Uyambe wakhala pansi.

Abambo akukonza ulendo wa milungu iwiri pa galimoto yawo ija ya Zastava.

Chimwalirireni Amayi chaka chatha, munthu uja sankatuluka ngakhale kukagula buledi. Ankangokhala pakhonde kuyang'ana sitima zikulowa ndi kutuluka. Ndiye mwezi watha anadzuka m'mawa, nameta ndevu, nayala mapu patebulo la kukhitchini. Anati, Stanojka, pempha tchuthi, tikaliyendere dziko lathu lino miyendo ikadali yathu. Ine ndinalira ndi chimwemwe. Ndinati bambo anga abwerera.

Mlungu woyamba akuti titsata gombe: Perast, Kotor, Budva, Bar, mpaka Ulcinj. Wachiwiri tikwera kumapiri, kudzera m'chigwa cha Morača, kugona ku Kolašin, kenako ku Žabljak. Ndinkawathandiza ndi mtima wonse. Ndinaimbira anthu a nyumba zogona alendo, ndinagula nyama yowamba ndi tchizi za pa njira, ndinawasokera ngakhale chipewa chawo chija chinang'ambika.

Koma tsiku lina tikudya, ndinazindikira kuti paliponse pamene akuti tikaima pali munthu. Ku Kotor kuli amalume a Špiro, amene sanalankhulane nawo chikanganirane za bwato lija. Ku Bar kuli a Ismet, kondakitala wawo wakale wa pa basi. Ku Kolašin kuli azakhali a Zorka. Ndinawaseka, ndinati, Ababa, uwu ndi ulendo wokaona malo kapena wokatsanzika? Sanaseke nane. Anati ndiwapatsire mchere.

Mawa lake galu anasowa pakhomo. Nditafunsa, anati amupereka kwa a Jovo oyandikana nafe chifukwa sitingayende naye. Ndinati chabwino, kwa milungu iwiri yokha. A Jovo atandiona pampanda anandithokoza chifukwa cha galu, ndi chifukwa cha masipanala onse, jeke ndi ukonde. Anati, bambo ako akuti iwo zimenezi athana nazo. Miljan, masipanala aja! Unamenyedwapo chifukwa chongogwira imodzi.

Loweruka ndinakumana pa msika wa nsomba ndi mkazi wa dokotala wa maso. Anandigwira dzanja nati pepani, mayi, ndi zowawa, makamaka kwa munthu amene wakalambira pa chiwongolero. Ine kukamwa yasa. Ataona kuti sindikudziwa kanthu anachita manyazi, koma mawu anali atatuluka kale. Akuti maso a Abambo akuzima onse awiri, ndipo palibe mankhwala. Chisanu chisanafike adzangoona zithunzithunzi. Anauzidwa zimenezi mu Meyi. Mapu anayalidwa mu Juni.

Sindinawafunse kanthu. Lamulungu ndinangoti tiyeni tikayese galimoto mpaka ku Risan. Anavomera msanga, akuimba likhweru. Mlongo wanga, amayendetsabe bwino koopsa. Asanafike pa kona amayamba aitchula, akuti apa pali ya kumanzere, patsogolo pali kamlatho. Ndiye ndinaona kuti sakuyang'ana msewu, akungoukumbukira. Titadutsa Kamenari panali mlendo wina wa panjinga, wovala malaya ofiira ngati magazi. Tinamudutsa pafupi mwakuti galasi la pambali linakhudza chikwama chake. Ndinakuwa. Abambo anati, ukukuwa chiyani ngati nkhuku yoona mphamba? Munthuyo sanamuone n'komwe.

Nditawauza, anati, misewu ya dziko lino ine ndimaidziwa ndi matako, maso n'ngothandizira chabe. Anati zaka zonse za pa basi sanaphepo ngakhale mwanapiye. Ndinati zaka zimenezo munkaona. Anatsegula wailesi.

Tsopano mvera chimene chikundisowetsa tulo.

Pa mapu mzere wawo suthera ku Žabljak. Ukupitirira mpaka ku Piva. Iwe ukudziwa kuti chimangireni damu la kumeneko lija, madzi n'kumiza mudzi umene anabadwira, Abambo sanapondeko phazi. Ali pa ntchito ankasinthana ndi anzawo kuti asayendetse basi ya kumeneko. Amayi ankawapempha chaka ndi chaka kuti akangoona nyanjayo, iwo n'kumati sapita kukaonerera manda a mudzi wawo ngati alendo ojambula zithunzi.

Nditafunsa za ku Piva, anati kumeneko apita okha. Ine akuti ndikakwere basi ku Žabljak ndibwerere kunyumba, popeza tchuthi changa chidzakhala chikutha. Ndinati tchuthi ndi changa, ndikudziwa ndine pothera pake. Anati, mwana wamkazi iwe unatengera amako, mwamuna sangakande ndi pamutu pomwe osafunsidwa.

Chaka chino mvula inavuta, ndipo pa kanema anaonetsa kuti madzi a ku Piva atsika kwambiri. Mwina unaziona. Msewu wakale wopita kumudzi kwawo watulukira, ukutsetsereka phiri mpaka kukalowa m'madzi. Abambo anakokera mpando pafupi ndi kanema, mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi.

Lachitatu lapitali ndinabwerako msanga ku ntchito. Ndinawapeza pa foni ndi a Mašan, mnzawo wa paubwana amene amakhala ku Plužine. Sanandimve ndikulowa. Ankafunsa ngati msewu wakalewo ungapirire galimoto yaing'ono. Ankafunsanso ngati aikapo chotchinga kumunsi kwake. Atayankhidwa anati, basi zili bwino, ndipo anaseka kuseka kuja ndakuuza.

Ndinatuluka panja kuti ndipume. Sindikudziwa chimene chinandituma kutsegula kumbuyo kwa galimoto. Munali suti yawo yakuda, yochapitsa kumene, ndi nsapato zopolisha. Suti imene anavala pa maliro a Amayi.

Pamenepo ndinalephera kudzigwira. Ndinalowa nayo m'nyumba n'kuiponya patebulo pamwamba pa mapu. Ndinawauza kuti za maso ndikuzidziwa, za a Mašan ndazimva. Ndinati, Ababa, mundiuze poyera, ku Piva mukukatani?

Anaitola sutiyo bwinobwino, naisasa, naikoleka pa mpando. Anati munthu sapita kwa makolo ake atavala ngati msodzi. Anati anthu onse akakalamba amakaona kwawo, nanga iwo alakwa chiyani ngati kwawo kuli pansi pa madzi? Ndinafunsa ngati adzabwerera. Anati khofi wawo wazizira.

Ndayesa zonse, Miljan. Ndinabisa makiyi, iwo anatulutsa ena m'thumba la jekete akumwetulira. Ndinaitana abambo Gavrilo a ku tchalitchi. Abambo anawalandira ndi kachasu wa rakija ndi nkhuyu, anacheza za mpira, ndipo wansembeyo potuluka anandisisita paphewa nati bambo ako ali bwino kuposa ine, asiye akapitidwe mphepo. Amalume a Špiro pa foni anati, bambo ako Vukota ndi mwala, ukaukankha umakuswa chala. Ndinaganizapo zopita kupolisi kuti awalande laisensi. Koma ndikatero ndidzakhala ndawachititsa manyazi pamaso pa tauni yonse, ndipo basi zopita ku Piva zilipo tsiku lililonse. Amene watsimikiza mtima safuna galimoto.

Tinayenera kunyamuka Loweruka likubwerali. Dzulo m'mawa ndinawapeza akupopa matayala, ndipo ndinachita chinthu chimene uyenera kuchidziwa usanamve kwa wina. Ndinawanamiza. Ndinati Miljan waimba ku hotela, akuti akubwera, akufuna kuyenda nafe ulendo wonse mpaka ku Piva.

Mpope unaima. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi maso awo otuwawo. Anati, uja anabwera pa maliro a amake dothi litakwiriridwa kale, lero abwerere ulendo? Ndinati wanena choncho. Anati, ndipo mawu aja ndinamuuza pamanda waiwala? Ndinati sanaiwale, koma akubwerabe.

Analowa m'nyumba, ine n'kumaganiza kuti bodza langa lagwa. Patapita kanthawi anatulukanso, natsegula chitseko cha kutsogolo cha mbali ya wokwera, nagwada pansi ndi mawondo awo owawa aja. Anayamba kulimbana ndi mpando umene unachita dzimbiri chikhalireni Amayi. Anauthira mafuta, anaugogoda ndi mwala popeza masipanala anapereka, mpaka unasuntha kubwerera m'mbuyo. Atadzuka anati, chitsiru chija miyendo yake ndi yaitali ngati ya kakowa, chingafike ku Kotor chitapindika. Kenako anati iwe Stanojka ukhala kumbuyo ndi tchizi chako.

Asuntha tsiku. Akuti adikira mpaka tsiku la Eliya Woyera, pa 2 Ogasiti. Anandiuza akutsuka m'manja, osandiyang'ana, kuti dzuwa la tsiku limenelo likatuluka iwe usanafike, anyamuka okha, ndipo sadzerako kugombe, alunjika kumapiri. Ndikuganiza kuti akudziwa kuti ndanama. Akufuna aone ngati iwe undisandutse wonena zoona.

Ndikudziwa zimene anakuuza pamanda. Ndinalipo, ndinazimva, zinali zoipa, ndipo sindikukupempha kuti unene kuti zinali zabwino. Ndikudziwanso kuti abwana ako sapereka tchuthi mwachisawawa. Koma ine ndekha ndalephera. Ine amandiona ngati mwana wowaphikira. Iwe ndi amene anakuphunzitsa kuyendetsa uli pamiyendo pawo, ndipo ngati pali munthu amene angamupatse chiwongolero, ndiwe.

Sindikulonjeza kuti ukabwera zonse zitha bwino. Mwina tikafika ku Žabljak adzatitsitsa tonse awiri. Mwina adzakutukwana kuyambira pano mpaka ku Ulcinj. Koma pa msewu wotsetsereka uja ndikufuna phazi lako likhale pa buleki. Tikaime kumene madzi ayambira, atuluke, avale suti yawo ngati akufuna, atiloze pamene panali nyumba yawo maso akadali ndi kakuwala. Kenako tiwatengere kunyumba.

Krsto akubwerera kuno Loweruka, ndamuuza akusungire malo. Ukakonda ndege, utsikire ku Tivat, ndidzakuchingamira. Usaimbe foni ya kunyumba. Imba ku hotela, ufunse Stanojka wa kochapira, ndipo usandiuze chilichonse kupatula tsiku lofika.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga Annelie, umuuze kuti ndikupepesa pomulanda mwamuna milungu iwiri. Kamwanako ukapsompsone m'malo mwanga, ndipo ubwere ndi chithunzi chake chachikulu, chakuti agogo ake athe kuchiona. A Jovo akupereka moni. Mulungu akusunge pa njira, ndipo Eliya Woyera achedwetse dzuwa lake.

Ndine mlongo wako,
Stanojka