Khala la m'chigafa

Lachinayi madzulo, kwa Kabudula.

Lero mtima suli m'malo. Dzana ndikusonkha moto wofukizira fodya m'chigafa ndinaponda khala, osamva kanthu. Anayamba kumva fungo ndi akazi anga, a Nabanda. "Bambo, kodi chikupsa n'chiyani?" Linali phazi langa.

M'mawa ndinapita ku chipatala cha mishoni. Asisitere anandimanga nsalu kumaso n'kumandibaya ndi singano. Pantchafu ndinadzidzimuka. Paphazi anachita kundiuza kuti abaya kale. Akuti m'thupi muli timitsempha tonga ulusi. Tina timathamangitsa uthenga wa ululu ku ubongo, tina timabweretsa lamulo loti chotsa phazi. Tanga tonyamula ululuto tikufa. Matendawo anawatchula motsitsa mawu kuti ndi khate.

Kunyumba ndangoti ndi chilonda cha moto. Koma a Nabanda andipatsa madzi m'chikho chatsopano, n'kukachiika pachokha, kutali ndi cha ana. Ndiye kuti adziwa. Ine pamudzi pano ndine mkamwini chabe, ndipo alongo awo akamva andilozera njira yakwathu.

Phazili ndalitsina mpaka latuluka magazi, kuti mwina lindipwetekeko. Zii.