Chitsulo cha Lameki Kuseri kwa Chigafa

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumene muliko?

Ife kuno tilipo, kungoti mphepo yayamba kale kutsika m'mapiri, ndipo bulangete lanu lija tikulimbirana ine ndi ana. Chimanga chachita bwino, nkhokwe yadzaza mpaka tamanganso ina yaing'ono. Mtedza ndiye waola ndi mvula yomaliza. Mng'ono wanga Feliya wachira, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Ali ndi mphuno yanu ndi ukali wanu womwe. Akafuna bere mudzi wonse umamva.

Koma nkhani imene yandikhazika pansi ndi ya chitsiriza wanu Lameki. Anabwera kuchokera ku Joni mvula itangotha. Uthenga wa maliro anu unam'peza kumgodi ife titameta kale. Atafika tinayala mphasa kuti alire, monga amachitira aliyense wofika mochedwa, koma iye anangoima pakhomo maso ali gwa, opanda msozi. Titati tiye ukaone pamene anagona amayi, anapukusa mutu. Kuyambira pamenepo mawu ake anali "eya" ndi "ayi" basi.

Kenako anazula ekiselo ya ngolo yakale ya abambo ija, chitsulo chija cholumikiza mateyala. Anakagula simenti ku Mponela, n'kuithira m'zitini ziwiri zikuluzikulu za penti, china mbali iyi ya chitsulo, china mbali inayo. Ife tinkati mwina akukonza chodindira fodya. Ayi ndithu. M'mawa uliwonse amachinyamula kuseri kwa chigafa, n'kuchibwezera pomwepo.

Apa ndiye mudzi unabalalika. Kwathu kuno munthu akasenza katundu amapita naye kwina, kaya kuchigayo kaya kumsika. Nanga wonyamula n'kutula pomwe wanyamulapo, n'kunyamulanso, anthu amutcha chiyani? Anati mutu wazungulira. Ena ankanong'ona zoopsa kuposa apo, kuti akuphunzira zausilikali. Mukudziwa inu masiku ano, mawu otere akafika kwa akuluakulu a chipani, munthu amatengedwa ndipo palibe amafunsa kumene wapita.

Mlongo wanu a Zakeyo, atsibweni athu, anagwidwa mantha. Anagamula kuti tim'mange tokha, tipite naye kuchipatala cha amisala ena asanamutenge. Ine ndinakana mpaka kulira, koma mawu a atsibweni angawabweze ndani?

Dzana m'mawa anafika ndi amuna awiri, chingwe cha ng'ombe chili m'manja. Tinam'peza Lameki atavula malaya, akudzipaka dothi m'zikhatho. Ndinagwada ndikuti, "Atsibweni, mulekeni amalize kaye. Mum'mange atatopa." Anavomera msanga, ndipo ndikukhulupirira kuti n'chifukwa anaona mapewa a Lameki aja.

Amayi, ine ndinali ndisanaonererepo pafupi. Anawerama, msana uli chilili, n'kugwira chitsulo. Anakoka mpweya, ndipo chitsulo chija chinachoka pansi. Chinafika m'chiuno, n'kudumphira pachifuwa, iye n'kutsika nacho ngati akukhala pampando wosaoneka. Podzuka anachikankhira kumwamba, manja onse tambasu, chitsulo n'kupindika pakati chifukwa cha kulemera. Anachiponya pansi, nthaka inagwedezeka mpaka nkhuku zinathawa. Asanapume n'komwe anadzigwetsa chafufumimba, n'kumadzikankha ndi manja, chifuwa kukhudza dothi n'kukwera, kukhudza n'kukwera. Anadzuka, analumphira mtanda wa chigafa, n'kumadzikoka mpaka chibwano kupitirira mtandawo. Atatsika, anabwerera kuchitsulo kuja n'kuyambiranso.

Ndinaiwala kupuma. Uyu ndi Lameki yemwe uja munkamukaniza kusenza ngakhale ndowa? Paja munkati, "Ameneyu musiyeni, mafupa ake ndi a nkhuku." Munkam'bisira chiwindi m'mbale yanu, ife n'kumachita nsanje. Mukanaona mitsempha itatupa m'khosi mwake, thukuta likudontha pachigongono, nthunzi ikufuka pamsana m'chisanu chija! Ndinachita mantha, komanso ndinanyadira. Sindinkadziwa kuti Mulungu anaika mphamvu zotere m'thupi la munthu, ndiponso munthu wobadwa mwa inu.

Ulendo womaliza chitsulo chinakana. Chinafika pachifuwa, miyendo inayamba kunjenjemera, ndipo anagwa nacho bondo limodzi pansi. Ndinati basi, wathyoka. Pamenepo ndinamumva akudzilankhulira m'mano, "Dzuka iwe, dothi si mphasa." Amayi, mawu anu aja, amene munkatiuza tikagwa panjira ya kudambo. Kamvekedwe kakenso kanali kanu. Ndipo anadzuka. Pang'onopang'ono, nkhope itakwinyika, chitsulo chinakwera mpaka pamwamba pa mutu.

Zonsezi sizinatenge nthawi. Madzi a tiyi amene ndinasiya pamoto anali asanawire. Koma munthu anagona chagada pafumbi, chifuwa chikukwera n'kutsika ngati walima munda wonse wa kuphiri.

Amuna awiri aja anayang'ana atsibweni. Nthawi yom'manga inali imeneyi, koma palibe anasuntha. Atsibweni anasendera pafupi, nafunsa motsitsa mawu, "Mphwanga, katundu ameneyu ukupita naye kuti?"

Lameki anayankha maso ali kumwamba. "Sapita kulikonse, atsibweni. Anandiphunzitsa mnzanga kumgodi, sabata imene ndinamva za amayi. Tsiku lonse mutu wanga umangoti sunawaike, sunawaike. Ndikagwira chitsulochi ndi pokhapo umakhala chete."

Chibwerereni anali asanalankhulepo mawu ochuluka chotero. Anatembenukira kwa ine nati, "Alongo, kodi anandifunsa?"

Ndinamuuza zoona, kuti munam'funsa mpaka tsiku lomaliza, ndipo munati tisamukalipire akachedwa, Joni ndi kutali. Apo ndiye analira. Analira ngati maliro achitika lero, nkhope ili m'fumbi, ndipo amayi a m'mudzi atamva anabwera ndi zitenje m'chiuno n'kukhala naye pansi. Tinakulirani kachiwiri, ndipo ulendo uno tinali okwana. Atsibweni anapereka chingwe chija kwa mmodzi wa amuna aja kuti akamangire ng'ombe. Madzulo anapita okha kukafotokozera a chipani kuti mphwawo sakuphunzira nkhondo, akulira mayi ake.

Dzulo atsibweni anakatipemphera kwa amfumu chilolezo cholowera kumanda, ndipo tapatsidwa Loweruka. Lameki ndiye wafunsa yekha tsikulo. Ndikulonjeza kuti ndibwera naye, ndim'gwira dzanja mpaka pamene mwagona. Mukaona chimunthu chachikulu chitagwada kumutu kwanu musadzidzimuke, Amayi. Ndi mwana wanu, wafika.

Ndine wokukondani mpaka tidzaonane,
mwana wanu woyamba,
Esinati